Zimene Majezi Amandiuza

Sindilowa m'bwalo ine.
Chipinda changa chili kunsi kwa masitepe a ochemerera,
timu ikagoletsa, fumbi la simenti limagwera m'beseni.
Zaka makumi awiri ndi zisanu ndachapa majezi obiriwira
a timu ya padoko lino la mtsinje wa Paraná,
ndipo mpira ndimauwerenga m'mawa mwake,
pa thope, pa thukuta, pa udzu wokanirira m'mawondo.

Chaka chino ligi tinamaliza pachinayi.
Ati anayi apamwamba achotsane okhaokha,
wotsalayo akwere ligi yaikulu.
Miyezi khumi yonse yothamanga ija
yasanduka masabata atatu a Disembala,
dzuwa likuswa mtengo, masitonkeni akuuma ndisanatembenuke.

Ndime yoyamba tinapambana.
Ndinadziwira pa jezi ya Fermín Ocaranza, wapagolo wathu wa imvi,
inabwera ikununkha mowa umene iye samwa.
Wogulitsa nyama pakona anandipatsa chiwindi chaulere,
wansembe anatchula timu m'pemphero,
kenaka anatsokomola ngati walakwitsa.

Masewero otsiriza anali koyenda,
mtunda wa maola asanu ndi awiri pa basi.
Tauni yonse inapita, kunatsala agalu, odwala ndi ine.
Wayilesi ndinaitseka.
Ndinasita matawulo ositasita kale.

Basi inafika tambala woyamba atalira,
yopanda hutala, yopanda nyimbo.
Dalaivala anatula matumba pakhomo panga osandiyang'ana.
Sindinafunse. Ndinamasula zingwe.

Mchere woyera m'makhwapa monse:
ndiye kuti anawonjezera nthawi.
Magazi pa phewa la nambala faifi, a munthu wina, iye satuluka magazi.
Jezi ya Fermín thope kumanzere, thope kumanja, kumanzerenso,
laimu wa pamzere wa golo ali pachifuwa:
mapenate.
Anagwa kasanu mkuluyo, ndi msana wake uja.

Pansi penipeni pa thumba,
nambala twente-fili.
Yoyera ngati sinavalidwe.
Mzere umene ndinasita Lachisanu udakali chiimire pamkono.
Kolala yokha ndiyo yonyowa,
ili ndi mabowo anayi a mano.

Ndi ya Lisandro Quiroz,
mwana wa mayi wosoka maukonde kuseri kwa msika,
amene chaka chonse wakhala pabenchi kusunga mabotolo a anzake.
Ndiye kuti anamulowetsa mphindi yomaliza
kuti akamenye kamodzi kokha.
Kamodzi.
Sanathamange, sanagwe, sanakhudzane ndi munthu,
anangoyenda kuchoka pakati pa bwalo
atasenza doko lonse, masitima ake ndi ngongole zake.

Kaya mpira unapita kumwamba, kaya unagunda chitsulo,
nsalu sinena zimenezo.

Kutacha ndinamupeza pa sitepe yanga,
chipewa chili kumaso, zala zikutokosa mng'alu wa simenti.
Anati, Doña Nélida, yangayo musavutike nayo, sinade.
Ndinati, pano chilichonse chobwera m'thumba chimachapidwa.

Ndinaiviika pamodzi ndi ya Fermín,
thope la mkulu linasungunuka n'kulowa mwa mwana,
madzi onse anasanduka amodzi, ofiirira.
Ndinamupatsa dengu la mapegi.
Gwira uku, ndinatero, mphepo ya kumtsinje siyembekeza munthu.

Tinayanika kuyambira wani, mwa ndondomeko yake,
kuseri kwa golo la kumwera kumene kulibe mthunzi.
Atafika pa yake anaima.
Kenaka anaipana ndi mapegi atatu, zina zonse awiriawiri.

Ligi iyambanso Febuluwale.
Sopo watsala theka la katoni,
ndipo mabowo anayi aja ndasoka ndi ulusi wobiriwira,
wosiyana pang'ono ndi nsalu,
woti ndi ine ndekha ndingauone.